Ulendo wodutsa phiri la Mulanje pa nyengo ya chiperoni

Phiri la Mulanje, lomwe lili m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, ndi malo odziwika kwambiri m'dziko muno kwa anthu oyenda pansi masiku angapo atabereka katundu wawo kumsana. Phirili ndi lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 650, ndipo nsonga yake yaitali, Sapitwa, ndi mamita 3,002 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Boma lidalikhazikitsa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu Julayi 2025.

Poyerekeza ndi Kilimanjaro ku Tanzania, yemwe ndi mamita 5,895, Mulanje ndi phiri lalifupi, kotero kuperewera kwa mpweya si vuto lalikulu kwa okwera. Ngozi zimene zachitika m'phirili zakhala zikudza kwambiri kaamba ka nkhungu, kuzizira ndi mitsinje yodzaza mwadzidzidzi. Izi ndi zofunika kuzidziwa kwa ogwira ntchito za nkhalango, zokopa alendo, chitetezo ndi zaumoyo, poti ndiwo amathamangathamanga mlendo akasowa.

Njira ndi nyumba zogona

Pamwamba pa phirili pali zigwa zaudzu zomwe zili pa mamita pafupifupi 2,000, ndipo zigwazi zidalekanitsidwa ndi zitunda ndi nsonga zamiyala. M'zigwazi muli nyumba zogona alendo monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Madzeka ndi Sombani. Zambiri mwa nyumbazi ndi za Nthambi ya Zankhalango, ndipo bungwe la Mountain Club of Malawi lakhala likuthandiza kuzisamalira. Panyumba iliyonse pamakhala mlonda ndi malo osonkhapo moto, koma chakudya ndi zofunda mlendo amayenera kudzitengera yekha.

Ulendo wautali umene ambiri amaukonda umayambira ku Likhubula, kuzambwe kwa phirili, n'kukatsikira ku Fort Lister, pampata wolekanitsa Mulanje ndi phiri la Michesi, pomwe atsamunda adamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Ulendowu umatenga masiku anayi kapena asanu, mwinanso kuposerapo ngati munthu apatukira ku Sapitwa. Tsiku loyamba ndilo limathetsa anthu mankhalu, chifukwa kuchoka ku Likhubula kufika ku Chambe munthu amakwera mamita pafupifupi 1,000 m'maola atatu kapena anayi. Ofuna kufika pa Sapitwa nthawi zambiri amagona ku Chisepo n'kulawirira m'mamawa, poti kupita ndi kubwerera kumatha pafupifupi tsiku lonse.

M'phirimu mtunda amauwerenga m'maola osati m'makilomita. Maola amenewa ndi a tsiku lowala bwino, ndipo njira yomweyo ikagwidwa ndi nkhungu imatalika kwambiri.

Chiperoni

Dzina la chiperoni lidachokera ku phiri la Chiperone lomwe lili m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kumwera chakuvuma kwa Mulanje. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mphepo yozizira ndi yachinyezi yochokera ku nyanja ya Indian Ocean imawomba kudzera mbali imeneyo. Ikagunda phiri la Mulanje imakakamizika kukwera, ndipo ikamakwera imazizira, chinyezi chija n'kusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa. Nyengoyi imatha kukhala masiku angapo osakata. Alimi a tiyi ku Mulanje ndi Thyolo amaiyamikira chifukwa imanyowetsa minda m'chilimwe, koma kwa munthu amene ali pachitunda chopanda pobisala ndi nkhani ina.

Chovuta n'chakuti miyezi yomweyi ndiyo imakopa alendo ambiri, popeza mvula yadzinja imakhala itatha ndipo kumwamba kumayera. Munthu amanyamuka kuli dzuwa, atavala malaya opyapyala, ndipo pomwe nkhungu ikufika amakhala ali kutali ndi nyumba iliyonse. Njira yokwera Sapitwa imadutsa pamatanthwe ndi m'mipata ya miyala ikuluikulu, ndipo oyenda amatsata zizindikiro za utoto zolembedwa pamiyala. Nkhungu ikakuta, zizindikirozo sizioneka, ndipo thanthwe lonyowa limaterera.

Kuzizira kumakula ndi msinkhu wa phiri. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, kutanthauza kuti pa Sapitwa pamatha kuzizira ndi madigiri 15 kuposa pa boma la Mulanje, mphepo tisanaiwerengere. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa m'zigwa zapamwamba usiku.

Mmene kuzizira kumaphera

Thupi la munthu limagwira bwino ntchito likakhala pa madigiri pafupifupi 37. Likatsika kupyola pa 35, munthu amakhala pa vuto limene achipatala amalitcha hypothermia. Vutoli silidikira kuti madzi achite kuundana. Chovala chonyowa, mphepo, njala ndi kutopa zikakumana, n'zokwanira kumuika munthu pachiswe, chifukwa madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya wouma.

Poyamba munthu amanjenjemera, zala n'kulephera kumanga chingwe cha nsapato kapena kuyatsa machesi. Kenako amayamba kupunthwa, kulankhula ngati woledzera ndi kusokonezeka maganizo. Apa ndi pamene pagona ngozi yeniyeni, popeza nzeru zomwe zikadamuuza kuti abwerere ndizo zimayamba kufooka. Kunjenjemera kukasiya munthu asanafundidwe, ndiye kuti zinthu zafika poipa, ndipo ena pa nthawi imeneyi amavula zovala poganiza kuti akumva kutentha.

Wopezeka motere amayenera kuchotsedwa pamphepo, kuvulidwa zonyowa, kufunditsidwa mutu ndi chifuwa, ndi kuyalidwira kanthu kuti asagone pansi penipeni. Ngati akutha kumeza, tiyi wotentha wa shuga amathandiza. Mowa ndi woletsedwa ngakhale ambiri amaukhulupirira, chifukwa umatsegula mitsempha yapakhungu, thupi n'kumataya kutentha kochuluka pomwe mwini wake akumva ngati wafundidwa.

N'chifukwa chake m'chikwama cha woyenda m'phirili muyenera kukhala jekete losalowa madzi, juzi yaubweya, chipewa, tochi, chakudya cha tsiku limodzi loonjezera, ndi zovala zogonera zokulungidwa m'pulasitiki. Jinzi ndi malaya athonje zikanyowa zimachedwa kuuma, motero sizithandiza.

Ngozi zodziwika

Mu 1949 mlembi wa ku South Africa, Laurens van der Post, adatumidwa kudzayendera mapiri a Mulanje ndi Nyika. Ali m'phiri la Mulanje, gulu lake lidapezana ndi chiperoni, ndipo mnyamata wina wogwira ntchito za nkhalango amene adali nawo adakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje wodzaza kufupi ndi chigwa chakuya cha Ruo. Nkhaniyi ili m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior. Phunziro la tsiku limenelo silidasinthe: mvula ikagwa pathanthwe silowa pansi, yonse imathamangira m'mitsinje, ndipo kamtsinje kodumphika m'mawa kamatha kukhala kosawolokeka masana. Mitsinje yotere imaphwanso msanga mvula ikaleka, choncho kudikira kutsidya n'kwanzeru kuposa kulimbana ndi madzi.

Mu 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands adapita yekha ku Sapitwa ndipo sadapezekenso. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil adasiyana ndi womuperekeza n'kupitiriza yekha ulendo wa kunsongako, nyengo n'kusintha, ndipo thupi lake lidapezeka patatha pafupifupi masabata atatu. Moyo wake udakambidwa mu kanema wotchedwa Gabriel e a Montanha, yemwe adaonetsedwa ku Cannes mu 2017. Pa ngozi ziwirizi, onse adali okhaokha.

Anthu okhala m'mphepete mwa phirili ali ndi kafotokozedwe kawo. Iwo amati m'phirimo muli mizimu, kuti dzina la Sapitwa lenilenilo ndi chenjezo, komanso kuti wopeza chakudya chokonzakonza m'njira adye yekha osaitana mnzake. Kaya munthu akhulupirira kapena ayi, miyambo imeneyi ndi imodzi mwa zifukwa zimene UNESCO idalembera phirili, ndipo ulemu umene eni dera amalipatsa sudapweteke mlendo aliyense.

Operekeza alendo ndi udindo wa maofesi

Alendo amalembetsa maina ku ofesi ya zankhalango asanakwere, ndipo ku Likhubula kumapezeka operekeza alendo ndi onyamula katundu. Kaundula ameneyu ndi wofunika kuposa mmene amaonekera. Akalembedwa bwino, kusonyeza njira, nyumba zogonamo ndi tsiku lotsika, ofufuza amadziwa poyambira. Akalembedwa mwachisawawa, apolisi ndi anthu akumudzi amayenera kusakasaka phiri lonse, nthawi zambiri m'nkhungu yomwe ija imene ndege siingathe kuulukamo. Foni yam'manja imagwira m'malo ena okha, ndipo batire limatha msanga kukazizira.

Chitetezo cha onyamula katundu nachonso chimaiwalika kawirikawiri. Anyamatawa ndi amphamvu, monga umboni umaonekera pa mpikisano wothamanga wa Porters' Race umene umayambira ku Likhubula, koma mphamvu siziteteza munthu wopanda jekete ndi bulangete ku chisanu cha usiku.

M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, zoopsa zimakhala ziphaliwali, mitsinje yosefukira ndi kugumuka kwa nthaka komwe anthu amati napolo. Zotere zidapha anthu mazanamazana ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo zidachitikanso mu Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Nthambi yoona zanyengo imalengeza za chiperoni ndi anamondwe pawailesi, koma amene ali kale ku Chinzama kapena ku Madzeka uthengawo sumufika msanga, kotero malo oyenera kuumvera ndi pachipata, ulendo usanayambe.