Liwu la "Palatable" ndi Mbiri ya Kumasulira Kwake

Liwu la Chingerezi lakuti "palatable" tsinde lake ndi "palatum", liwu la Chilatini lotchulira kumwamba kwa m'kamwa, kumene anthu akale ankaganiza kuti ndiko kumamva kukoma. Angerezi anayamba kuligwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1600 ponena za chakudya, ndipo posakhalitsa analibwereka ponenanso za maganizo amene mtima ungawalandire.

Kumwera kwa boma la Lilongwe liwuli lakhala likumveka pa ntchito za madzi ndi ulimi. Ku Malingunde anamanga damu loyamba la Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe m'chaka cha 1966, lachiwiri m'chaka cha 1989. Akatswiri a madzi amasiyanitsa madzi opanda tizilombo ndi madzi amene ali "palatable", osanunkha matope kapena mankhwala. Madzi abwino sazuna, choncho womasulira sangawatche otsekemera. "Omweka" ndiye liwu loyandikira. Nako kusukulu ya ulimi ya Bunda, pafupi ndi Mitundu, liwuli limanena za msipu umene ng'ombe zimathamangira, kusiya wina.

Koma nkhani imene inaonetsa kulemera kwa liwuli ndi ya chimanga. Kwa zaka zambiri alimi, kuphatikizapo a ku Mitundu ndi Nathenje, ankalima chimanga cha haibulidi kuti agulitse, koma m'nkhokwe ankasunga chamakolo. Haibulidi wa nthawi imeneyo anali wofewa: ankanyenyeka mumtondo, mphale n'kuchepa, ndipo anankafumbwe sankachedwa kumufumbula. Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 1990 pamene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18, zolimba ndiponso zokonoleka bwino. Amayi sanakane haibulidi wakale chifukwa cha lilime lokha ayi. Mtondo nawo unali ndi mawu ake pa mlanduwo.

Ndiye womasulira akalemba "chokoma" paliponse pamene wapeza "palatable", amakokomeza, chifukwa Mngerezi kawirikawiri amangotanthauza chinthu chimene munthu angadye osachita tsinya. Akalemba "chodyeka" amaperewera pang'ono, pakuti madeya nawo amadyeka pa nthawi ya njala.

Chichewa chili ndi njira yakeyake. Pamene Mngerezi amaweruzira m'kamwa, Mchewa amaweruzira kukhosi. Wokhutira amati kukhosi kwake kwayera, wodandaula amanena zakukhosi, ndipo wosakhululuka amasunga chakukhosi. Motero chigamulo cha kubwalo la mfumu chimene Mngerezi angachitche "palatable", womasulira waluso sachitcha chokoma, koma amati ndi chigamulo chimene mbali zonse ziwiri zachilandira popanda chakukhosi. Ponena za nsima, mawu akuti "yolowa bwino" ndi okwanira.