Dziwe la Nkhalamba: nkhalambayo inali ndani?

Kwathu kwa Nchema, ku Chiradzulu, phiri la Mulanje timakula tikuliona. Mvula ikagwa usiku fumbi n'kukhazikika, m'mawa mwake phirilo limaoneka ngati lasendera pafupi, matanthwe ake onyowa akunyezimira. Koma ambiri a ife timafika pomera imvi tisanapondeko phazi. Ine ndinapitako ndili wamkulu kale, ndipo sindinkafuna nsonga ya Sapitwa, ija yotalika mamita 3,002. Ndinkafuna kukaona malo amene dzina lake linkandizunguza mutu kuyambira ndili mwana, Dziwe la Nkhalamba.

Ulendo wake ndi wa tsiku limodzi. Kaya mwadzera ku Phalombe kaya ku Chitakale, mumatsikira pa Likhubula, n'kukaonekera ku ofesi ya zankhalango komwe mumapezako wokulondolerani njira. Kuchokera pamenepo ndi chikwezeke cha pafupifupi ola limodzi. M'njiramo mumapatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, ndipo mathithi a padziwelo mumayamba kuwamva musanawaone. Kenaka mitengo imatseguka, n'kuona mtsinje wa Likhubula ukudzigwetsa pathanthwe kugwera m'dziwe lakuda bii chapakati, lozizira moti mukaviika phazi mafupa amachita kuwawa, ngakhale mu Okutobala.

Liwu loyamba la dzinali silivuta. Dziwe si thamanda lomwe limauma mvula ikatha, komanso si damu lokumba anthu. Ndi pamene mtsinje umaima n'kuzama, pamalo poti mwana amaletsedwa kusewerapo yekha.

Liwu lachiwiri ndi lomwe lili ndi nkhani. M'Chichewa, nkhalamba ndi nkhalamba basi. Liwuli silinena ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo silinena ngati ndi mmodzi kapena ambiri. Timati nkhalamba yafika, timatinso nkhalamba zafika, ndipo chomwe chimatiuza chiwerengero ndi mneni wotsatirayo. Tsono m'dzina loti Dziwe la Nkhalamba mneniyo mulibe. N'chifukwa chake olemba m'Chingerezi amasiyana pomasulira: wina amalemba za mwamuna wokalamba, wina za mayi wokalamba, winanso za anthu okalamba ambiri. Chilankhulo chawo chimawakakamiza kusankha, pomwe chathu chinasiya khomo lotsegula, ndipo nkhani zonse zomwe anthu a m'tsinde mwa phirili amakamba zimalowa pakhomo limeneli popanda kukanganirana.

Ena amati kalekale munthu wobwera kudzatola nkhuni kapena kusaka ankaona nkhalamba ya imvi mbuu itakhala pamwala m'mbali mwa madzi, koma akati ayandikire n'kupereka moni, pamwalapo pankakhala palibe munthu. Ena amati nkhalambazo zinali zambiri, mizimu ya makolo yomwe imakhala m'phirimo. Izi zimagwirizana ndi zina zomwe zimanenedwa za Mulanje, monga zoti munthu wotayika amatha kupeza chakudya chokonzedwa kale panjira, ndipo lamulo lake n'loti adye yekha osaitana mnzake. Mnyamata amene anatilondolera anatiuza zimenezi motsitsa mawu, ngati mmene timalankhulira pamaliro, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anaseka.

Kufotokoza kwachitatu ndi komwe ine ndimakukhulupirira kwambiri. Akuluakulu amati padziwepa pankathiridwa nsembe. Chilala chikavuta, anthu ankakwera ndi ufa ndi mowa kukapempha mvula kwa Chauta kudzera mwa makolo. Aliyense wodziwa mwambo wa nsembe akudziwa amene amaloledwa kufika pamalo otere. Safikapo munthu wotentha. Amapita ndi okalamba amene anasiya za m'nyumba, nthawi zina pamodzi ndi ana osatha msinkhu. Ngati kwa mibadwo yambiri anthu a m'midzi yapansi ankaona okalamba okhaokha akulowera njira imeneyo, dziwelo akanalitcha chiyani china? Linali la nkhalamba monga mmene munda umakhalira wa mwini wake. Ndipo nkhalamba ija yosowa pamwala sikutsutsana ndi zimenezi, pakuti kwa makolo athu wokalamba wamoyo ndi mzimu wa womwalira anali oyandikana kwambiri. Wina ankalankhulira mnzake.

Mayina a m'phirili ambiri ndi otero, amakuuza mmene uyenera kukhalira. Sapitwa akutanthauza kumene anthu sapitako. Dzina limeneli ndi chiletso, ngakhale masiku ano alendo amakwerako chaka chilichonse. Dziwe la Nkhalamba silikuletsa kufika, koma likukuuza kuti wafika pakhomo pa eni ake.

Pamapepala okopa alendo malowa amalembedwa kawirikawiri kuti Likhubula Falls. Si bodza, mathithiwo alidi pa Likhubula. Koma dzina limenelo limangonena za madzi akugwa, ndipo madzi akugwa ali ponseponse, ku Zomba, ku Livingstonia, ku Nyika. Mu 2025 bungwe la UNESCO litaika Mulanje pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, linaliika chifukwa cha chikhalidwe, ubale wa phirili ndi Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalitenga ngati kwawo kwa mizimu. Boma linateteza nkhalango ya phirili kuyambira 1927, koma malo ngati dziwe ili anali otetezedwa kale ndi ulemu wa anthu, ndipo ulemuwo unasungidwa m'dzina.

Pali china chimene chinandikhudza ndili pamwala paja. Lero liwu loti nkhalamba tikulisandutsa mwano. M'midzi mwathu, ngakhale ku Chiradzulu komwe, agogo akakhalitsa ndi moyo amayamba kulozedwa chala kuti ndi mfiti, ndipo timamva pawailesi za okalamba omenyedwa ngakhale kuphedwa ndi adzukulu awo omwe. Komatu anthu a mtundu womwewu anatenga malo okongola kwambiri m'tsinde mwa phiri lalikulu kuposa onse m'dziko muno n'kuwatcha dzina la okalamba. Sanawatche dzina la mfumu kapena la msilikali.

Tinatsika dzuwa litapendeka, miyendo ikunjenjemera. M'mbali mwa dziwe tinasiya gulu la achinyamata likuimba nyimbo pa sipika, mabotolo ali mbwee pamiyala. Sindikuwaletsa kusangalala, inenso ndinasamba m'mphepete ndipo ndinatuluka thupi lili pepuu. Koma dziweli lamizapo anthu, makamaka odumphira pakati pozama ndi obwera nyengo ya mvula, pomwe mvula yogwa pamwamba paphiri imatha kudzaza mtsinje mwadzidzidzi pansi pano kuli dzuwa.

Inu a kwa Nchema ndi madera ozungulira, amene phirili mumaliona tsiku ndi tsiku muli kumunda, pitaniko pakati pa Meyi ndi Okutobala. Tengani wolondolera njira wa pa Likhubula, mumulipire bwino, ndipo mumufunse nkhani ya nkhalambayo monga anaimvera kwa agogo ake. Mabotolo anu mubwerere nawo, ndipo ngati agogo anu akadali ndi mphamvu m'maondo, muwatenge akaone dziwe lawo.