Leigh Matthews

Leigh Matthews (anabadwa pa 1 Marichi 1952 ku Frankston, m'chigawo cha Victoria) ndi katswiri wakale wa mpira wa malamulo a ku Australia, masewera omwe mpira wake ndi wooneka ngati dzira ndipo amaumenya ndi miyendo komanso manja. Anapambana chikho cha ligi kanayi ali wosewera, ndi kanayinso ali mphunzitsi.

Ali wosewera

Matthews anasewerera timu imodzi yokha, Hawthorn, kuyambira mu 1969 mpaka 1985. Anasewera masewero 332 ndipo anagoletsa zigoli 915. Timuyi inatenga chikho mu 1971, 1976, 1978 ndi 1983, ndipo chikho chomalizachi anachinyamula ali kaputeni. Anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa wa Hawthorn kasanu ndi katatu.

Anali wamfupi koma wojintcha, wosaopa kugundana ndi aliyense, n'chifukwa chake anamupatsa dzina loti "Lethal", kutanthauza woopsa. Mu 1982 anathyola mtengo wa m'mbali mwa golo atauwomba pa masewero olimbana ndi Essendon.

Nkhanza zimenezi zinamuika m'mavuto mu 1985, pamene anamenya Neville Bruns wa timu ya Geelong mpira uli kutali, n'kumuthyola nsagwada. Ligi inamuimitsa kwa milungu inayi, ndipo apolisi anamutsegulira mlandu. Anasiya kusewera kumapeto kwa chaka chomwecho.

Ali mphunzitsi

Mu 1986 anayamba kuphunzitsa timu ya Collingwood. Mu 1990 anaithandiza kutenga chikho itagonjetsa Essendon mu ndime yomaliza, patatha zaka 32 ochemerera timuyi akudikira. Anachoka mu 1995.

Mu 1999 anapita ku Brisbane Lions, timu yomwe inathera kunsonga kwa ligi chaka cham'mbuyo. Pasanathe zaka zitatu anaisandutsa timu yoopedwa, ndipo inatenga chikho zaka zitatu zotsatizana: inagonjetsa Essendon mu 2001, kenako Collingwood mu 2002 ndi 2003. Mu 2004 inafikanso mu ndime yomaliza koma inagonja kwa Port Adelaide. Matthews anatula pansi udindo mu 2008.

Ulemu

Mu 1996 anali m'gulu loyamba la akatswiri amene anapatsidwa ulemu wapamwamba kwambiri wa masewerawa, wotchedwa Legend. Kuyambira mu 2002, mphoto imene osewera a mu ligi ya AFL amapereka kwa mnzawo wochita bwino koposa imatchedwa Leigh Matthews Trophy.