Peter Cook: katswiri amene anaphunzitsa Britain kuseka atsogoleri ake

Peter Cook (1937–1995) anali mlembi wa nthabwala zodzudzula komanso katswiri wa zisudzo wa ku Britain. Kuno dzina lake silidziwika ngati la Rowan Atkinson, yemwe ambiri amamudziwa kuti Mr Bean, koma kwawo amakumbukiridwa ngati munthu amene anatsegula njira yoti mtsogoleri amene adakali pampando azisekedwa poyera, pamaso pa anthu omwe akuwalamulira.

Ubwana ndi maphunziro

Cook anabadwa pa 17 Novembala 1937 m'tauni ya Torquay, kumwera chakumadzulo kwa England. Bambo ake ankagwira ntchito m'boma la atsamunda ku Nigeria, ndipo iye ankalingalira zodzakhala kazembe. Anaphunzira pasukulu ya Radley, kenako anapita kuyunivesite ya Cambridge kukaphunzira Chifalansa ndi Chijeremani. Kumeneko analowa gulu la zisudzo la ophunzira lotchedwa Footlights, ndipo mu 1960 anakhala mtsogoleri wake. Asanamalize n'komwe maphunziro, nthabwala zomwe analemba zinali zitayamba kale kuseweredwa m'maholo akuluakulu a ku London, m'chionetsero cha Pieces of Eight cha mu 1959.

Kuseka nduna yaikulu

Mu Ogasiti 1960, Cook anagwirizana ndi anzake atatu, Dudley Moore, Alan Bennett ndi Jonathan Miller, n'kukonza chionetsero cha Beyond the Fringe mumzinda wa Edinburgh. Chionetserochi chinasamukira ku London mu 1961 ndipo chinakafika ku New York mu 1962. Anayiwa ankaseka zinthu zimene Angelezi ankazilemekeza kwambiri: tchalitchi, asilikali, nkhani za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndiponso boma.

Gawo lomwe linagwedeza anthu ndi lomwe Cook ankatsanzira nduna yaikulu ya nthawiyo, Harold Macmillan. Uyu ndi mtsogoleri yemwe boma lake linkalamulira Nyasaland pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anamangidwa mu Malichi 1959, ndipo anafikako ku Blantyre mu Januwale 1960. Cook ankamuonetsa ngati nkhalamba yotopa, yoyankhula mosokonekera, yomwe ikawerenga kalata ya mayi wosauka wopuma pantchito inkayankha mopanda chifundo. Pa nthawiyo kutsanzira nduna yaikulu yomwe idakali paudindo, n'kuitchula dzina pasiteji, chinali chinthu chachilendo. Tsiku lina Macmillan anabwera kudzaonera yekha, ndipo Cook atamuona m'gulu la anthu anawonjezera mawu omwe sanali m'seweroli, n'kumulunjika mwini wakeyo.

Kalabu ndi magazini

Cook anazindikira kuti nthabwala zodzudzula zimafunika malo ake. Kuyambira mu 1737, sewero lililonse ku Britain linkayenera kuvomerezedwa ndi ofesi ya Lord Chamberlain lisanaonetsedwe kwa anthu, ndipo lamuloli linathetsedwa mu 1968. Komabe silinkakhudza makalabu olowa mamembala okha. Potengera mpata umenewu, mu 1961 Cook ndi mnzake Nicholas Luard anatsegula kalabu yotchedwa The Establishment mumsewu wa Greek Street, m'dera la Soho ku London. Dzinalo linali losinjirira, chifukwa ndi mawu omwe Angelezi amatchulira kagulu ka anthu apamwamba omwe amayendetsa dziko. Mu 1962 kalabuyi inaitana Lenny Bruce, wanthabwala wa ku America, yemwe boma la Britain linamukaniza kulowanso m'dzikolo chaka chotsatira. The Establishment inatsekedwa mu 1964.

Chomwe chakhalitsa ndi magazini ya Private Eye. Inayamba mu 1961, ndipo mu 1962 Cook anaikamo ndalama n'kukhala mwini wake wamkulu mpaka imfa yake. Magaziniyi imaphatikiza nthabwala ndi utolankhani wofufuza katangale, zomwe zaichititsa kukokeredwa kubwalo la milandu kambirimbiri pa milandu yoipitsa mbiri. Anthu achuma monga James Goldsmith mu 1976 ndi Robert Maxwell mu 1986 anaisumira, ndipo Cook ankaichirikiza m'nyengo zovuta zoterezi. Maxwell atamwalira mu 1991, zinaululika kuti anasakaza ndalama zapenshoni za antchito ake, zomwe zinasonyeza kuti magaziniyi sinkamukayikira pachabe.

Ntchito yake ndi Dudley Moore

Pakati pa 1965 ndi 1970, Cook ndi Moore ankaonekera pawailesi ya kanema ya BBC m'pulogalamu ya Not Only... But Also. Ankasewera ngati Pete ndi Dud, amuna awiri osaphunzira kwenikweni omwe ankakambirana nkhani zakuya za luso ndi chipembedzo ngati akatswiri. Zigawo zambiri za pulogalamuyi zinatayika chifukwa BBC inkafufuta matepi kuti ijambulirepo zina. Mu 1967 awiriwa anasewera mufilimu ya Bedazzled, momwe Cook anali Satana wogula mzimu wa mnyamata wophika m'lesitilanti.

M'zaka za m'ma 1970 ubale wawo unasokonekera, makamaka chifukwa Cook ankamwa mowa mwauchidakwa. Anajambula limodzi nthabwala zotukwana pogwiritsa ntchito mayina a Derek ndi Clive, kenako Moore anapita ku Hollywood komwe anatchuka ndi mafilimu a 10 mu 1979 ndi Arthur mu 1981. Cook sanapezeko mwayi wotero ku America.

Woweruza pasiteji

Mu 1979 Cook anaonetsa kuti luso lake silinathe. Jeremy Thorpe, yemwe anakhalapo mtsogoleri wa chipani cha Liberal, anali atangomasulidwa pamlandu womuganizira kuti anakonza chiwembu chofuna kupha munthu. Ambiri ankaona kuti woweruza mlanduwo anakondera Thorpe polangiza gulu la nzika lomwe linkayenera kupereka chigamulo. Patangopita masiku ochepa, pachionetsero cha The Secret Policeman's Ball chosonkhetsera ndalama bungwe la Amnesty International, Cook anavala ngati woweruza n'kumanyoza mboni iliyonse yotsutsa woimbidwa mlandu, kwinaku akuuza gululo kuti chigamulo ndi lawo. Seweroli limatengedwa kuti ndi limodzi mwa abwino kwambiri omwe analemba.

Imfa ndi chikumbutso chake

M'zaka zake zomaliza ankaonekera mwa apo ndi apo, monga mufilimu ya The Princess Bride mu 1987. Anamwalira pa 9 Januwale 1995 ku London ali ndi zaka 57, chiwindi chake chitawonongeka. Mu 2005, pa kafukufuku wa wailesi ya kanema ya Channel 4, anzake a m'ntchito ya nthabwala anamusankha kukhala woyamba pa onse.

Cook mwini wake sankakhulupirira kuti nthabwala zingagwetse boma. Ankaseka kalabu yake yomwe poiyerekeza ndi makalabu a ku Berlin omwe ankanyogodola andale koma sanamuletse Adolf Hitler kutenga ulamuliro. Ngakhale zili choncho, chizolowezi chomwe anayambitsa chinazika mizu. Mapulogalamu monga That Was The Week That Was ya mu 1962 ndi Spitting Image ya mu 1984 anapitiriza kuseka atsogoleri pakanema, ndipo Private Eye, yomwe mkonzi wake ndi Ian Hislop kuyambira mu 1986, imatulukabe milungu iwiri iliyonse.