Subaru WRX yakale kapena yatsopano: zoyenera kudziwa musanasinthe galimoto

Mwa galimoto zomwe zimafika m'dziko muno kuchokera ku Japan, ndi zochepa zomwe munthu angazizindikire ndi khutu lokha ngati Subaru Impreza WRX. Zambiri mwa zomwe zikuyenda m'misewu ya ku Blantyre, Lilongwe ndi Zomba tsopano zakwanitsa zaka 15 kapena 20, ndipo eni ake ali ndi funso limodzi: aigulitse n'kuitanitsa WRX ya m'badwo watsopano, kapena aisunge? Yankho limadalira kwambiri msewu umene galimotoyo imayenda. Pano titenga ngati muyeso msewu wochoka mumzinda wa Zomba kutsikira ku Kachulu, doko la kuzambwe kwa Nyanja ya Chilwa, mtunda wa makilomita pafupifupi 30.

Chiyambi chake

Kampani ya Subaru idatulutsa Impreza WRX ku Japan mu Novembala 1992. Cholinga chidali kupikisana mu World Rally Championship, mpikisano wa dziko lonse wothamangitsa galimoto m'misewu yafumbi, yamatope ndi yachipale. Malamulo a nthawiyo amati galimoto yopikisana ichokere ku galimoto yomwe ikugulitsidwa kwa anthu wamba, n'chifukwa chake WRX ya pamsewu idali ndi injini ya turbo komanso yokoka ndi matayala onse anayi. Mtundu wamphamvu kwambiri, wa STi, udabwera mu 1994.

Subaru idapambana chikho cha makampani mu 1995, 1996 ndi 1997. Oyendetsa ake atatu adakhala akatswiri a dziko lonse: Colin McRae mu 1995, Richard Burns mu 2001 ndi Petter Solberg mu 2003. Kuno ku Africa, McRae adapambana Safari Rally ya ku Kenya mu 1997 ndipo Burns adaipambana mu 2000, onse ali mu Impreza. Mdani wake wamkulu adali Mitsubishi Lancer Evolution, yomwe Tommi Mäkinen adapambana nayo zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1996 mpaka 1999. Subaru idatuluka mumpikisanowu mu Disembala 2008, choncho WRX iliyonse yomwe idakonzedwa pambuyo pake ndi yolowa dzina chabe, siidabadwire m'bwalo la mpikisano ngati makolo ake.

Mibadwo isanu

M'badwo woyamba, wa GC8, udapangidwa kuchokera 1992 mpaka 2000. Yoyambirira idali yolemera makilogalamu pafupifupi 1,200 ndipo injini yake idali ndi mphamvu ya horsepower 240. Wachiwiri, wa GD, udayenda kuchokera 2000 mpaka 2007, ndipo wachitatu kuchokera 2007 mpaka 2014. M'chaka cha 2014 kudabwera m'badwo wa VA, pomwe dzina la Impreza lidachotsedwa n'kutsala WRX yokha. Wachisanu, wa VB, udaonetsedwa mu 2021, uli ndi injini ya malita 2.4 ndipo umalemera makilogalamu oposa 1,500. Mu Malichi 2022 kampaniyi idalengeza kuti sipanga WRX STI yatsopano pa m'badwo umenewu.

Kusiyana kwa injini ndi magiya

Galimoto zakale zili ndi injini ya mtundu wa EJ, pomwe zatsopano zili ndi FA, kupatula STI ya m'badwo wa VA yomwe idapitiriza ndi EJ. Injini zonse ziwiri n'zogona chammbali, masilinda awiri uku ndi awiri uko, zomwe zimathandiza kuti galimoto isapendeke pokhota. Kulira kogunda komwe anthu amakukonda kumachokera ku mapaipi a utsi osalingana kutalika omwe ali pa zambiri zakale. Zatsopano zilibe kulira kumeneku.

Injini ya EJ imayendetsedwa ndi lamba amene ayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000. Akaduka galimoto ikuyenda, mavalavu amaombana ndi mapisitoni ndipo injini yonse imafunika kuphwasulidwa. Ya FA ili ndi tcheni chomwe chimakhalitsa bola oyilo azisinthidwa pa nthawi yake. Komabe FA imapopera petulo mwachindunji m'silinda, kotero mavalavu olowetsa mpweya satsukidwa ndi mafuta ndipo pakapita nthawi amamata mwaye wofunika kupala.

Nkhani ina yaikulu ndi ya magiya. WRX S4, yomwe idayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2014, idabwera ndi giyabokosi ya CVT, yosintha yokha kudzera m'tcheni ndi mapule. Popeza galimoto zambiri za kuno zimachokera kumsika wa ku Japan, woitanitsa WRX yatsopano nthawi zambiri amakumana ndi mtundu umenewu. CVT ndi yofewa pamdipiti wa galimoto m'tauni, koma imafuna oyilo wakewake, siikonda kutentha kobwera chifukwa chovutikira m'matope, ndipo ikawonongeka kawirikawiri imasinthidwa yathunthu.

Muyeso wa msewu wa ku Chilwa

Kuzambwe kwa Chilwa ndi chigwa chathyathyathya momwe mitsinje ya Likangala ndi Domasi imadutsa popita kunyanja. Misewu yambiri yolowera m'midzi, m'minda ya mpunga ndi m'madoko a matemba ndi yafumbi. M'chilimwe imakhala ndi mabampu ang'onoang'ono ogwedeza galimoto. M'dzinja dothi la makande limaterera ndi kumata. Nyanjayo imasinthasintha: idaphwa mu 1968 ndi 1995, idaphweranso kwambiri mu 2018, pomwe namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adasefukiritsa madzi m'madera ambiri a m'chigwachi.

Apa m'pofunika kukumbukira kuti galimoto zomwe zimapambana Safari Rally zidali zokwezedwa, zotchingidwa kunsi ndi chitsulo, komanso zovala matayala okhuthala pa marimu a mainchi 15. WRX ya pamsewu, yakale ndi yatsopano yomwe, ndi yotsika. Mimba ya VB imatalikirana ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 14, pomwe ya Subaru Forester ya masiku ano ili pafupifupi 22. Zatsopano zimabwera ndi marimu a mainchi 17 kapena 18 ndi matayala opyapyala, osachedwa kutupa m'mbali akagunda dzenje. Zambiri zakale za WRX wamba zimalola marimu a mainchi 16, omwe matayala ake ndi okhuthalirako ndiponso otsika mtengo.

Kukoka ndi matayala anayi kumathandiza poterera, koma sikupulumutsa galimoto yomwe yakhazika mimba pamatope. Kumafunanso kuti matayala onse anayi akhale ofanana kukula ndi kutha kwake, kotero limodzi likaphulika ena atatha kale, mwini wake angakakamizike kugula onse. Madzi odutsa pamsewu ndi oopsa kwa zonse ziwiri, chifukwa injini ikameza madzi imapinda zitsulo zam'kati nthawi yomweyo.

Mafuta ndi amakaniko

WRX za ku Japan zidakonzedwa kuti zizimwa petulo wapamwamba, wa octane wokwera. Petulo wa m'dziko muno ndi wa mtundu umodzi ndipo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Kompyuta ya galimoto imatha kuchepetsa mphamvu kuti injini isadzipweteke, koma kuthamangitsa kwambiri kukutentha, makamaka ndi mafuta ogula m'zigubu pa nthawi yomwe asowa, kumawononga mapisitoni. Mapaipi a labala a galimoto yakale ayeneranso kuunikidwa, poti amauma ndi kung'ambika.

Injini ya EJ idapangidwa kuyambira 1989 ndipo idaikidwanso mu Legacy ndi Forester, choncho amakaniko ambiri adaiphwasulapo ndipo zipangizo zina zimapezeka kuchokera ku galimoto zophwasulidwa. Yatsopano ili ndi makompyuta ambiri, ndipo ya CVT kawirikawiri imakhala ndi makamera a EyeSight pagalasi lakutsogolo, ofunika kuwakonzanso ndi makina galasilo likasinthidwa. Ikafera ku Kachulu, njira yake ndi kuinyamula kupita kumzinda.

Za ndalama

Galimoto yoitanitsa imagulidwa ndi ndalama zakunja, pomwe yakale mudzaigulitsa m'makwacha. Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zomwe zidakulitsa mpata pakati pa mitengo iwiriyi. Pamwamba pa mtengo wogulira pali zolipira sitima, ulendo wochoka kudoko monga la Dar es Salaam kudzera pachipata cha Songwe, ndi msonkho wa bungwe la Malawi Revenue Authority, umene umaganizira kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Funsani bungweli za msonkho musanatumize ndalama iliyonse.

Dziwaninso kuti GC8 ndi STi zakale zosamalidwa bwino zakwera mtengo pamsika wa dziko lonse, mwa zina chifukwa dziko la America limalola kulowetsa galimoto zakunja zomwe zakwanitsa zaka 25. Wokhala ndi yotere, yosasinthidwa zipangizo, asathamangire kuipereka kwa woyamba kubwera ndi ndalama.

Kusunga kapena kusintha

Kusintha kuli ndi phindu kwa amene amayenda kwambiri patala, monga pakati pa Zomba ndi Blantyre, ndipo amanyamula banja. Galimoto yatsopano ndi yolimba thupi pangozi, ili ndi zikwama za mpweya zambiri komanso zida zoletsa kuterereka zomwe GC8 ilibe. Kusintha n'koyeneranso ngati yakaleyo yadyedwa ndi dzimbiri kunsi, ikumwa oyilo wambiri, kapena idachitapo ngozi yopinda chimango.

Kusunga n'kwanzeru ngati thupi lili bwino, injini ikadali ndi mphamvu yofanana m'masilinda onse, ndipo muli ndi makaniko woidziwa. Lamba watsopano, mashoko, kilatchi, rediyeta ndi chitsulo chotchinga kunsi zonse pamodzi kawirikawiri sizifika pa mtengo woitanitsa ina.

Koma kwa amene amatsikira kunyanja sabata ndi sabata, kukaona munda wa mpunga kapena kukapikula nsomba, WRX yatsopano siithetsa vuto lomwe yakale ili nalo, poti zonse n'zotsika. Ndalama zomwezo zingagwire ntchito bwino pa Forester kapena pikapu yokwera, WRX yakaleyo n'kumaiyendetsa pamsewu wa tala.