Moŵa Umene Umakoma Ukagonera

Kwathu kuno mau akuti "moŵa wasasa" ndi mau odandaula. Amai amene afulula masese amadziŵa kuti masiku ake ndi oŵerengeka: lero moŵa ukoma, maŵa uyamba kuŵaŵasa, mkuja oitanidwa aupukusira mutu, ndipo chimera, nkhuni ndi thukuta zapita pachabe. Nchifukwa chake zingatidabwitse kumva kuti kuli dziko lina kumene anthu amasunga moŵa zaka ziŵiri zathunthu m'migolo yamatabwa ndi cholinga choti uŵaŵase, kenaka nkuugulitsa pa mtengo woposa wa moŵa wamba. Dzikolo ndi Belgium, chigawo chake ndi West Flanders, ndipo moŵawo ndi wofiira ngati vinyo. Tiyeni, oŵerenga athu, titsate mbiri yake, pakuti nkovuta kuyamikira kakomedwe kake tisanamve m'mene udapulumukira pamene anzake ambiri adatha.

Kalekale, mafiriji asanabwere, pafupifupi moŵa uliwonse wa ku Ulaya unkaŵaŵasa ukakhalitsa. Chochititsa chake ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala mu mpweya, m'mbeu ndi m'ziŵiya. Tina mwa ito, totchedwa Lactobacillus, ndi a mtundu womwe uja umene umaŵaŵasitsa thobwa, masese ndi chambiko chathu. Ofulula ambiri adapeza chitetezo m'maluŵa a chomera chotchedwa hops, amene amapatsa moŵa kuŵaŵa ndi kulepheretsa tizilomboto kuswana. Koma kudalinso njira ina yakale, ndipo ku Flanders idakhalitsa: kulola kuŵaŵasa komweko kuti kukhale mlonda, popeza tizilombo tambiri toononga sititha kukhala m'chakumwa cha asidi wambiri. Moŵa woŵaŵasa bwino unkasungika miyezi, pamene wina unkaola. Luso lonse lidali pa kudziŵa malire, kuti moŵa usapitirire nkusanduka viniga.

Dzina limene limamveka koposa m'mbiri imeneyi ndi la banja la Rodenbach la mu mzinda wa Roeselare. M'chaka cha 1821 abale anai, Pedro, Alexander, Ferdinand ndi Constantijn, adasonkha chuma nkugula kafakitale kofululira moŵa mumzindamo. Sadali anthu wamba. Alexander adachita khungu ali mwana wa zaka 11, komabe adadzakhala phungu wa nyumba ya malamulo ndiponso mtetezi wa maphunziro a anthu osaona. Pedro adali msilikali, ndipo adamenya nawo nkhondo imene idabala dziko lodziimira palokha la Belgium mu 1830. Mu 1836 Pedro ndi mkazi wake, Regina Wauters, adagula magawo a abale ena onse. Poti mwamunayo ankakhalira za usilikali, amene ankayendetsa ntchito tsiku ndi tsiku adali Regina, mwana wa munthu wofulula moŵa wa ku Mechelen. Tisaiŵale mai ameneyu, chifukwa ku Ulaya, monganso kwathu, mbiri ya moŵa ili ndi manja a akazi ambiri amene maina ao satchulidwa.

Amene adaupatsa moŵawu maonekedwe ndi kakomedwe kamene tikukadziŵa lero ndi mdzukulu wao, Eugène Rodenbach, amene adatenga utsogoleri mu 1878. Iyeyu adakaphunzira ntchito ku England, kumene ofulula moŵa wakuda wotchedwa porter ankausunga miyezi yambiri m'migolo ikuluikulu yamatabwa, kenaka nkusakaniza wokhalitsa ndi watsopano. Kukula kwa migolo ya ku London tingakuone pa ngozi ya mu 1814, pamene mgolo umodzi udaphulika pa fakitale ya Meux, moŵa nkusefukira m'nyumba zoyandikana, ndipo anthu asanu ndi atatu adafa. Eugène adabwera nalo lusoli kwao, nayamba kuchulukitsa migolo ya mtengo wa oak, umene Baibulo la Chichewa limautcha thundu. Chodabwitsa nchakuti Angerezi eni ake adali pafupi kuisiya njirayi, poona kuti kusunga moŵa chaka chathunthu nkumanga ndalama. Mlendo adatola chimene eni mudzi ankataya.

Nthaŵi yomweyo sayansi idali itatembenukira kwina. Mu 1876 Louis Pasteur wa ku France adasindikiza buku lake lonena za moŵa, m'mene adaonetsa kuti kusasa kwa moŵa ndi ntchito ya tizilombo, ndipo adakutcha matenda. Mu 1883 Emil Christian Hansen, wa ku kampani ya Carlsberg mu mzinda wa Copenhagen, adakhoza kupatula mtundu umodzi wokha wa yisiti nkuuchulukitsa popanda chosakaniza. Kuchokera pamenepo ofulula adatha kupanga moŵa woyera, wosasintha, wofanana lero ndi maŵa. Njira imeneyi idagonjetsa dziko lonse, ndipo ngakhale ife idatipeza: mu 1968 Carlsberg idatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark, imene kuyambira 2016 ili m'manja mwa kampani ya Castel. Sitikunyoza ntchito ya akatsŵiri ameneŵa, pakuti idapulumutsa ofulula ambiri ku chitayiko. Koma tiyenera kuona kuti chimene Pasteur adachitcha matenda ndicho chidali chuma cha ku Roeselare.

Sayansi yomweyo idadzaperekanso umboni mbali inayo. Mu 1904 Hjelte Claussen, wa ku Carlsberg komweko, adalengeza kuti fungo lapadera la moŵa wokhalitsa wa ku England limachokera ku yisiti ina yam'tchire, imene adaitcha Brettanomyces, kutanthauza bowa wa ku Britain. Zidaoneka tsono kuti si tizilombo tonse tachilendo timene tili adani. Ofulula akale, osadziŵa maina a Chilatini, adali ataphunzira kale kuŵeta tina ndi kupirikitsa tina.

Zaka zotsatira zidali zoŵaŵa. Cha m'ma 1900 dziko laling'ono la Belgium lidali ndi mafakitale a moŵa oposa 3,000, pafupifupi mudzi uliwonse ndi yakeyake. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mzinda wa Roeselare udagwa m'manja mwa Ajeremani mu 1914, ndipo udali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Ieper, kumene kudafera anthu osaŵerengeka. M'dziko lonselo asilikali adalanda miphika yamkuŵa ya ofulula kuti akapangire zida, ndipo mafakitale ambiri sadadzukenso. Amene adatsala adakumana ndi mdani wina wopanda mfuti, ndiye moŵa woyera wa mtundu wa pilsner, wosavuta kumwa ndi wofulumira kupanga. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1900 mafakitale a ku Belgium sankafika ndi 200 omwe. Oŵerengeka okha, monga Rodenbach ku Roeselare ndi Verhaeghe ku Vichte, ndiwo adakakamira migolo yao yathundu.

Kodi m'migolomo mumachitika chiyani? Moŵa umayamba monga wina aliyense. Chimera cha barele chimakazingidwa mpaka kufiira, ndipo ndicho chimapatsa moŵa mtundu wake. Hops amathiramo pang'ono chabe, kuti asaphe tizilombo tofunika. Ukatha kuŵira koyamba ndi kukhazikika milungu ingapo, gawo lina limaloŵa m'migolo yoimirira imene eni ake amaitcha foeder. Ku Rodenbach iliko 294. Ing'onoing'ono imaloŵa malita pafupifupi 12,000, ikuluikulu 65,000, ndipo ina yakhala ikugwira ntchito zaka zoposa 150. Matabwa ake amagwirana ndi mikombero yachitsulo, ndipo amisiri a pafakitalepo amatseka mipata ndi bango ndi phula la njuchi.

Thabwa lathundu limapuma. Mpweya umaloŵa pang'onopang'ono kudzera m'timaenje take, ndipo m'timaenje momwemo mumakhala tizilombo timene tapatsirana malo mibadwomibadwo. Lactobacillus ndi Pediococcus amapanga asidi wofeŵa wonga wa m'chambiko. Ena amasandutsa kachigawo ka ukali wa moŵa kukhala asidi wa viniga, ndipo asidiyo akakumananso ndi ukaliwo pamatuluka fungo la zipatso. Apa mpamene ukulu wa mgolo uli ndi ntchito: mgolo waukulu uli ndi thabwa lochepa poyerekeza ndi moŵa umene uli m'kati, motero mpweya suchuluka, ndipo viniga sapambana. Thabwalo limaonjezeranso kafungo ka vanila ndi kakumanga pakamwa konga ka tiyi wopanda mkaka. Zonsezi zimatenga miyezi 18 kufikira zaka ziŵiri, ndipo palibe makina amene angafupikitse nthaŵiyo popanda kusintha kakomedwe.

Moŵa wotuluka m'mgolo umakhala wakuthwa kwambiri, ndipo migolo iŵiri yoyandikana siipereka kakomedwe kofanana. Ntchito yotsiriza tsono ndi ya lilime la munthu. Akatsŵiri amalaŵa mgolo uliwonse, nasankha woti usakanizidwe ndi unzake, kenaka nkuthiramo moŵa watsopano. Mu Rodenbach wamba, magawo atatu mwa anai ndi moŵa watsopano, limodzi ndi wokhalitsa. Mu umene amautcha Grand Cru, magawo aŵiri mwa atatu ndi wokhalitsa. Watsopano pawokha ndi wozuna koma wosazama. Wokhalitsa pawokha ndi wozama koma woluma. Chimene chimaloŵa m'botolo ndi mgwirizano wa aŵiriwo.

Munthu amene akuulaŵa koyamba kaŵirikaŵiri amachita tsinya, poganiza kuti am'patsa moŵa woonongeka. Odziŵa amalangiza kudekha, poti kuona maso a nkhono nkudekha. Amati uthiridwe m'tambula yotambalala, uli wozizira pang'ono osati wochita kuuma mano, chifukwa kuzizira kwambiri kumabisa fungo. Choyamba ndi kuuyang'ana pa kuŵala: ndi wofiira modera, wa thovu lotuŵira. Chachiŵiri ndi kununkhiza: mumamveka zipatso za cherry, mphesa zouma ndi thabwa, ngakhale kuti mu moŵa weniweni wa mtunduwu simuthiridwa chipatso chilichonse. Chachitatu ndi kumwa pang'ono nkudikira. Kumwa koyamba kumadzidzimutsa lilime, kwachiŵiri ndiko kumaulula kuzuna kwa chimera kumene kwabisala pansi pa kuŵaŵasako. Ife amene tidakulira bwemba ndi malambe sitingavutike kumvetsa kuti kuŵaŵasa ndi kuzuna zikhoza kukhala m'kamwa limodzi mwamtendere. Ukali wake ndi wapakati, magawo 5 kapena 6 pa 100 alionse, ndipo suli moŵa wogugudiza: woumwa mothamanga wataya zaka ziŵiri za ntchito ya anzake.

Chizindikiro chosiyanitsa woŵaŵasa bwino ndi wosasa chili pamapeto. Wabwino umasiya m'kamwa muli mwaukhondo ndi mouma, munthu nkufuna chakudya. Wosasa umakanda kummero ngati viniga, kapena kununkha ngati mankhwala ochotsera utoto. Onse aŵiri apangidwa ndi tizilombo tofanana. Chosiyana ndi chisamaliro cha woŵeta.

M'masiku athu ano moŵawu wapeza abwenzi kutali. Mlembi wa ku England wa nkhani za moŵa, Michael Jackson, amene adamwalira mu 2007, adautchukitsa m'mabuku ake pouyerekeza ndi vinyo wa ku Burgundy. Mu 1996 Peter Bouckaert, amene ankafulula ku Rodenbach, adasamukira ku fakitale ya New Belgium ku Colorado m'dziko la America, kumene adayambitsa moŵa wa m'migolo wotchedwa La Folie, ndipo ofulula ang'onoang'ono ambiri adatsata chitsanzocho. Mu 2016 bungwe la UNESCO lidalemba mwambo wa moŵa wa ku Belgium pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Komabe tisafulumire kuomba m'manja. Rodenbach idagulidwa ndi kampani ya Palm mu 1998, ndipo Palm nayo idagulidwa mu 2016 ndi kampani ya ku Netherlands imene tsopano ikutchedwa Swinkels. Eni atsopanowo adasunga migolo, ndipo tiyenera kuŵayamika. Koma patangopita nthaŵi yochepa chigulidwire choyamba, fakitaleyo idaleka mwambo wake wakale wogaŵira yisiti yake kwa ofulula ang'onoang'ono oyandikana nawo, ndipo ena, monga a De Dolle Brouwers a ku Esen, adayenera kufunafuna njira zatsopano zosungira kakomedwe ka moŵa wao. Izi zikutikumbutsa kuti luso lotere lili ngati moto wapamudzi: limakhala ndi moyo pamene anthu akupalana.

Makolo athu adati mau a akulu akoma akagonera. Mbiri ya moŵa wofiira wa ku Flanders ikuonjezerapo mfundo imodzi: kugonera kokha sikukwanira. Moŵa wosiyidwa wopanda woyang'anira umasanduka viniga, ndipo mgolo wosiyidwa wopanda moŵa umauma nkuyamba kudontha. Chakale chidapulumuka ku Roeselare chifukwa chaka ndi chaka padali munthu wotseka mipata ndi bango, wolaŵa, ndi wothira moŵa watsopano m'thabwa lakale. Pamene tikuganiza za maluso a kwathu amene akuzilala, monga kuumba mbiya, kuŵamba nsomba ndi kumeretsa chimera cha maŵere, funso lotiyenera si lakuti ndi akale motani, koma lakuti ndani akuŵaphunzira chaka chino.