Tiki ya ku Chipatala ndi Ndale Zathu za Lero

Asodzi a m'mbali mwa nyanja muno m'Salima, kuyambira ku Chipoka kudzera ku Senga Bay mpaka ku Chikombe, sadikira kuti mwera uŵapeze pakati pa madzi. Amayang'ana mitambo, amamva kazizidwe ka m'maŵa, nakumbukira zimene zidachitika tsiku lina pamene kunja kudacha chimodzimodzi. Ndale za dziko nazonso zili ndi nyengo zake. Popeza pa 16 Sepitembala 2025 tidasinthanso boma, nkoyenera kuti ticheukire m'mbuyo, makamaka ku masabata oŵerengeka a chaka cha 1964, amene sitiŵakamba kaŵirikaŵiri m'mabanja mwathu.

Tiyambire patsogolo pake pang'ono. Dr Hastings Kamuzu Banda adabwerera kuno pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka pafupi makumi anai. Omuitana adali anyamata a Nyasaland African Congress, makamaka Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene adaona kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangatsate anyamata okhaokha pa nkhondo yothetsa Chitaganya. Tsono iwo omwewo ndiwo adayenda m'dziko kumulalika Dotoloyo ngati mpulumutsi. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalamula kuti atsogoleri a Congress agwidwe. Dr Banda adapita naye ku ndende ya ku Gwelo, ndipo ku Nkhata Bay asilikali adaombera anthu amene adasonkhana pa doko kufuna abale ao otsekeredwa m'sitima ya Mpasa. M'dziko lonse adafa anthu opitirira 50. Magazi amenewo adatiphunzitsa kuti mphamvu yathu ndi umodzi, ndipo chinali choona. Koma pamodzi ndi phunzirolo padaloŵa lina: kuti aliyense woganiza mosiyana ndi kapirikoni, wogulitsa dziko. Mu 1960, pamene Chester Katsonga adayambitsa chipani cha Christian Democratic Party, nyuzi ya Malawi News idakalipira Eklezia ndi Ambuye Theunissen a ku Blantyre ngati adani a ufulu. Ufuluwo unali usanafike, koma malo a munthu wotsutsa anali atayamba kale kuchepa.

Mbendera yathu idakwezedwa pa 6 Julayi 1964. Pasanathe miyezi iŵiri, pa 26 Ogasiti, nduna zidamuuza Dr Banda maso ndi maso zimene sizidakondwere nazo, ndipo pambuyo pake zidalemba madandaulo ao ku Kuchawe, pa phiri la Zomba. Madandaulowo tiŵaŵerenge modekha, chifukwa ambiri amaganiza kuti unali mkangano wolimbirana mipando basi. Nduna zidafunsa chifukwa chimene boma linkapalirana ubwenzi ndi Apwitikizi, amene ankazunza abale athu ku Mozambique. Zidafunsa chifukwa chimene Azungu ankakhalirabe pa maudindo akuluakulu, pamene malipiro a Amalaŵi ogwira ntchito m'boma ankapanikizidwa potsata lipoti la Skinner. Zidadandaula kuti Nduna Yaikulu idadzisungira maunduna ambiri, nkumazitchula izo "anyamata anga" pamaso pa anthu. Ndipo zidakana tiki, ndalama ya mapeni atatu imene munthu aliyense wodwala ankayenera kupereka pa chipatala cha boma.

Tiki imeneyi tisaichepetse. Kwa mlimi wa thonje wa kwa Khombedza kapena msodzi wa kwa Maganga, amene ankaona ndalama kamodzi pa chaka, mapeni atatu ankatha kulekanitsa mwana wamalungo ndi mankhwala. Dr Banda naye adali ndi yankho lake, loti dziko linali losauka ndipo linkadalira Britain kuti akwaniritse ndalama zoyendetsera boma. Mbali zonse ziŵiri zinali ndi mfundo zoti anthu anzeru nkukambirana. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma pa nthaŵiyo kutsina khutu kudasanduka mlandu. Pa 7 Sepitembala Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi adachotsedwa pa unduna, pamodzi ndi Mai Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula okha maudindo pomvera chisoni anzao. John Msonthi adatula nawo, koma adabwerera msanga. Chipembere, amene adali ku Canada, adafika nadzaima ndi anzakewo. Nyumba ya Malamulo idakumana ku Zomba pa 8 ndi 9 Sepitembala, ndipo aphungu adaimirira mmodzimmodzi kutamanda mtsogoleri ndi kunyoza anthu amene dzulo lake ankadya nawo mbale imodzi. Pa masiku aŵiri amenewo Nyumbayo idataya mau ake, ndipo sidaŵapezenso kwa zaka pafupi makumi atatu.

Zotsatira zake zidadza mofulumira. Chipembere adayesa nkhondo mu Febuluwale 1965 kuchokera ku Fort Johnston, kumene tsopano timati ku Mangochi, koma adalephera pa doko la Liwonde, ndipo adafera ku America mu 1975. Yatuta Chisiza adaphedwa mu 1967 ataloŵa m'dziko ndi zida. Mu 1966 lamulo lidaloleza chipani chimodzi chokha, ndipo mu 1971 Dr Banda adakhala Pulezidenti wa muyaya.

Kunama sikuthandiza: zaka zimenezo Salima adaona chitukuko. Ntchito ya ulimi ya m'mbali mwa nyanja, yothandizidwa ndi West Germany, idayamba mu 1968 nilimbikitsa thonje ndi mpunga. Njanje imene idafika kuno mu 1935 idapitirizidwa mpaka ku Lilongwe mu 1979. Sukulu ya asilikali idamangidwa konkuno. Okalamba akamati kale ndalama inali ndi mphamvu ndipo mbala zinkaopa, sakunena bodza, ndipo sitidabwa kuti malo athu a malonda akutchedwabe Kamuzu Road. Koma okalamba omwewo amakumbukira kuti wopanda khadi la chipani sankaloŵa mumsika kapena kukwera basi. Amakumbukira kuti thonje linali ndi wogula mmodzi, ADMARC, amene ankaika yekha mtengo, ndipo mlimi analibe poti nkukadandaula. Mboni za Yehova, zoletsedwa mu 1967, zidathamangitsidwa mu 1972 chifukwa chokana khadilo, zikwi zambiri nkuthaŵira ku Sinda Misale m'Zambia. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adaphedwa ku Mwanza, boma nkulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Orton Chirwa, amene adayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992.

Mafunso amene adatsekedwa mu 1964 adatulukira pa guwa. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Aepiskopi idaŵerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Tikaiyang'ana bwino, idabwereza nkhani zakale zomwe zija: malipiro ochepa, mitengo yotsika ya mbeu za alimi, zipatala zosoŵa zipangizo, ndiponso anthu otsekeredwa chifukwa cha maganizo ao. Boma lidati kalatayo njoukira, makina osindikizira a ku Balaka adatenthedwa, ndipo Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko. Komabe pa 14 Juni 1993 anthu adasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo pafupi anthu aŵiri mwa atatu alionse adasankha nyali. Chigawo chathu cha Pakati chidatsalira kwambiri kwa tambala. Ena amati unali umbuli. Ife tiyesa kuti ambiri ankaopa kutaya mtendere umene ankaudziŵa, ndipo mantha otere sachiritsidwa ndi chipongwe.

Kuyambira pa 17 Meyi 1994, pamene Bakili Muluzi adapambana, taphunzira luso limodzi ndithu, lochotsa mtsogoleri popanda nkhondo. Mu Julayi 2002 aphungu adakana, ndi mavoti atatu okha, kusintha malamulo kuti pulezidenti aziima kopanda malire. Mu Epulo 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, asilikali adaima ndi malamulo ndipo Mai Joyce Banda adalumbira. Pa 3 Febuluwale 2020 oŵeruza asanu adafafaniza chisankho cha 2019, nalamula kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Lazarus Chakwera adapambana mu Juni chaka chomwecho, ndipo patapita zaka zisanu, mitengo ya zinthu itakwera, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi mizere ya mafuta itatalika, anthu omwewo adabwezera Peter Mutharika pa mpando. Chakwera adavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Mu 1964 zoterezi zikadamveka ngati nthano.

Koma m'kati mwa zipani chaka cha 1964 sichinathe. Taonani m'mene apulezidenti athu akhalira ndi achiŵiri ao. Cassim Chilumpha adamangidwa mu 2006 pa mlandu woukira boma limene iye adali wachiŵiri wake. Mai Joyce Banda adachotsedwa m'chipani cha DPP mu Disembala 2010. Saulos Chilima adatulukamo mu 2018 nayambitsa UTM. Nkhani iliyonse ili ndi zifukwa zake, ndipo sitikuti onseŵa adali olungama, koma chizoloŵezi nchimodzi: woyandikira mpando akayamba kuyankha, amasanduka mdani. Pa 20 Julayi 2011 anthu adapita m'miseu kukafunsa za mafuta ndi ndalama zakunja, ndipo pafupi 20 adaomberedwa m'masiku aŵiri. Aphungu nawo, ngakhale gawo 65 la malamulo aakulu likuletsa kudumpha zipani, amathamangira kumene kwapsa nsima boma likangosintha, ndipo mau ao oyamba amakhala a chitamando, monga a Sepitembala uja ku Zomba.

Chimene chimatidetsa nkhaŵa nchakuti njala ya mpulumutsi idakali mwa ife ovota. Mu 1958, mu 1994, mu 2020 ndiponso mu 2025, tidaika chiyembekezo chonse pa munthu mmodzi, ngati kuti denga lingasenzedwe ndi mutu umodzi. Tikatero timakhala chete zaka zinai, chachisanu nkulusa. Pakati pamenepo ndani amafunsa khansala za ndalama za chitukuko, kapena phungu za mtengo wa feteleza ndi mankhwala osoŵa pa chipatala cha boma? Funso la tiki lidakalipo, langosintha dzina. Ndipo boma latsopano lisanazoloŵere kuyamikidwa, ino ndiyo nthaŵi yoona ngati nduna ingathe kunena kuti "apa ai" nkukhalabe nduna m'maŵa mwake.

Mai Rose Chibambo adakhala ku Zambia zaka pafupi makumi atatu, nabwerera ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Adamwalira mu 2016 ndipo adaikidwa ku Mzuzu ndi ulemu wa boma. Kuyambira mu 2012 nkhope yao ili pa ndalama ya K200, imene imadutsa tsiku ndi tsiku m'manja mwa amai ogulitsa usipa pa gombe la Senga Bay, ndi mwa ana ogula zitumbuwa pa Kamuzu Road.